Mizere Itatu pa Botolo la Zelipa

Mnyamata wosindikiza mapepala pa Kamuzu Road
anandiyezera malo ndi chala chake:
"Apa pokha, akulu. Mizere itatu. Lembani zimene zilimo."
Ndinalemba: chidede, uchi,
mandimu,
madzi owiritsa.
Ndinalipira, n'kutsala ndi ya kabaza yokha.

Koma njira yonse ya ku Khombedza
kapepalako kankandiyabwa m'thumba ngati chitedze.
Sindinaname ayi.
Ndinangodula mutu ndi miyendo kuti nkhani ikwane.

M'botolo la mlongo wanga
muli chaka chimene dzina lake linasowa pa mndandanda wa makuponi.
Masiku atatu pa mzere, mwana kumsana,
n'kubwerako ndi fumbi m'nsidze basi.
Sanadandaule kwa munthu.
Anakumba dzenje kuseri kwa khola,
nathiramo mapesi, phulusa, zitosi,
ndi ndowe za mbuzi za Che Mwamadi
zimene ankatola m'lichero lakutha, anthu akugwirana m'nthiti:
"Zelipa wayamba kuphikira dothi ndiwo!"

Ankaliphikiradi.
Ankapisa mkono mpaka m'chigongono
kuti amve ngati mkatimo mwafunda,
n'kuvundikiranso mosamala,
ngati munthu woopa kudzutsa khanda.

Uchiwo si wake yekha.
Ming'oma inapachikidwa ndi alamu anga a Lufeyo
mu msangu wa pakati pa munda,
mtengo wamakani uja
umene umavula masamba dzinja anzake akamavala.
A Lufeyo anapita. Njuchi zinatsala.
Kenaka tsiku lina kutsidya anapopera thonje mphepo ikuomba chakuno,
ndipo mmawa mwake tinazisesa ndi tsache,
zodzaza mbale ziwiri.
Pamaliro a mwamuna wake Zelipa anadzigwira,
koma pa mbale ziwirizo
anakhala pansi, miyendo tambalale, nalira mpaka mawu kusasa.

Kuyambira pamenepo m'munda mwake simulowa chopopera.
Amasinja nimu ndi tsabola mu mtondo wakale,
maso ali psuu,
n'kuwaza ndi kanthambi mzere ndi mzere.
Mbozi zina zimafa, zina zimadya ndithu.
Iye amati nazonso zili ndi ana.

Nanga mzere wa zala zake ndiulembe pati?
Mwezi wa Meyi wonse zimakhala zofiira ngati wapha nkhuku,
kusenda chidede chimodzichimodzi
minga yake yosaoneka ikulowa m'zikhadabo.
Nanga nkhuni, nanga mjigo umene umayamba kutsokomola
ndowa yachitatu isanadzaze,
nanga magetsi a kwa Asiyatu, mwini firiji,
amene amathima tsiku lomwe taikamo mabotolo makumi anayi?
Tinakhuthulapo kawiri m'dzenje lomwe lija.
Dothi linamwa, silinalipire.

Dzulo pa siteji bambo wina wa tayi
anatulutsa mkono pa windo la minibasi,
namwa katatu kokha, gwe, gwe, gwe,
nati, "Chokoma, koma mwadulitsa mayi.
Si masamba a kutchire awa?"
Ine magazi anandikwera.
Zelipa anangoti, "Botololo mundibwezere, bambo,"
nathamangira galimoto itayamba kale kuyenda.

Usiku ndinamuwerengera kapepala kaja pa nyali ya foni.
Ndinamuuza kuti mwachepa, kuti ndikabwerera
ndikagule pepala lalikulu, anthu adziwe.
Anandiyang'ana ngati ndine mwana wa sitandade wanu.
"Adziwe kuti atani?
Munthu wa ludzu sawerenga.
Bweretsa phala la chinangwalo timate."

Tinamata mpaka tambala woyamba.
Ena anakhota, ena analowa chidindo cha chala chake chofiira
pamwamba penipeni pa mawu akuti madzi.
Ndinafuna kuwachotsa amenewo.
Anati asiye, mapepala ndi odula.